Ndinkafuna hafizi m'nyumba, mwana ndinatsala pang'ono kumutaya

Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, mwana wanga wachisamba anali mu sitandade 4. Ana a m'dera lathu kuno ku Machinga ankangoyendayenda, ena kumsika, ena kudambo, ndiye ndinamuuza kuti m'malo motha mapazi azikakhala kwa a mwalimu oyandikana nafe, omwe ankaphunzitsa tiana towerengeka pakhonde pawo. Kumeneko n'komwe kunadziwikira kuti mnyamatayu mutu wake umagwira. Sura ya m'Qur'an akaimva kawiri katatu, yalowa. Chaka chisanathe anali atamaliza Juzu Amma yonse, gawo lomaliza mwa magawo 30 a Qur'an otchedwa majuzu, masura 37 aja oyambira pa An-Naba mpaka An-Nas, ndipo akamawerenga, amayi opita kumjigo ankaima ndi zidebe zawo kumvetsera.

Bambo ake ali ku Johannesburg, amagwira ntchito m'shopu. Ndinkajambula mawu a mwanayo n'kuwatumizira pa WhatsApp, iwo n'kumamvetsera limodzi ndi anzawo ogona nawo nyumba imodzi. Tsiku lina anaimba foni. "Mayi a mwana, uyu si wotaya naye nthawi kusukulu ayi. Uyu ndi hafizi." Hafizi ndi munthu woloweza Qur'an yonse pamtima. Mnzawo wina anali atawauza za madrasa yogonera komweko, m'boma lina, kumene ana amaloweza Qur'an yonse, majuzu 30. Dzina la malowo sinditchula, chifukwa kuli aphunzitsi ena omwe sanatilakwire kanthu.

Ine ndinalandira nkhaniyo ndi manja awiri. Pagulu lathu la amayi a dawa, ofalitsa uthenga wa Chisilamu, pali mayi wina amene mwana wake amatsogolera tarawehi, swala ya usiku ya mu Ramadhani, ndipo mayiyo akafika pamalo, anthu amamusendera pamphasa. Ndinkaziona zimenezo.

Amene anakana ndi amalume anga okha. Iwo anakula nthawi imene Asilamu ambiri sankatumiza ana kusukulu za mishoni poopa kuti akawabatiza n'kuwasintha mayina, ndipo mpaka lero kalata amachita kuwerengeredwa. Anandifunsa kuti, "Makolo athu ankaopa ubatizo. Iwe ukuopa chiyani? Sukulu ndi yaulere kuyambira 1994, aphunzitsi ena ndi Asilamu anzathu. Bwanji mwanayu osamapita kusukulu m'mawa, madrasa masana, ngati anzake?" Ndinawayankha mwaulemu kuti mwini mwana walamula kale. Anangoti, "Chabwino, mwana wanga," n'kutenga njinga yawo.

Kumayambiriro kwa 2021 tinamuchotsa sukulu. Ndinagulitsa mbuzi ziwiri kuti ndigule matiresi, bulangete, chidebe, sutikesi ndi mikanjo. Kumadrasako anati maphunziro ndi aulere, makolo amangothandiza pachakudya mwezi ndi mwezi. Mawu akuti ulere musawamvere pamwamba. Sopo, mafuta odzola, shuga, mankhwala akadwala, zonse zinali zathu, ndipo ulendo umodzi wokamuona, maminibasi awiri ndi kabaza, unkadya phindu langa la sabata yathunthu ya geni ya zitenje. N'chifukwa chake ndinkapitako mwa apo ndi apo, ndipo ndikafika ndinkathera pa ofesi ndi pansi pa mtengo pomwe amaonera ana. Kogona sindinalowemo, kukhitchini sindinasuzumireko, ndipo palibe amene anandiletsa. Sindinapemphe chabe.

Holide yoyamba anabwera atawonda koma atawala, mkanjo woyera, chisoti kumutu. Anawerenga pa sadaka ya kwa anansi, anthu mpaka kupukuta misozi. Kukhosi kwanga kunali mbee.

Chaka chachiwiri zinthu zinayamba kusintha pang'onopang'ono, ndipo chilichonse ndinkachipezera chifukwa. Anasiya kuseka, ine ndinati wakula. Munthu akakweza dzanja pafupi naye, ngakhale kungofuna kutenga chikho pa shelefu, iye ankabisa mutu, ine ndinati ndi manyazi. Ndalama za m'kachikwama ka geni zinayamba kuperewera akakhala pakhomo, ine ndinanamizira ana a eni.

Chimene sindikanatha kuchipezera chifukwa chinachitika madzulo ena titatha kuswali Magharibi. Mlongo wake, wa zaka zisanu ndi chimodzi nthawi imeneyo, ankawerenga Al-Fatiha pamkeka. Pomaliza penipeni, pa mawu aja akuti waladh-dhaallin, lilime linamukanika monga limakanikira ambiri a ife. Mchimwene wake sananene kanthu. Anazula chingwe cha chaja pakhoma, n'kuchipinda pawiri, n'kumukwapula m'miyendo. Mwana analira mokuwa, ine ndinataya chipande n'kuthamangira m'nyumba. Chinandiopsa si chingwecho ayi, koma nkhope yake. Sanali wokwiya. Anali phee, ngati akugwira ntchito imene wapatsidwa. Nditamufunsa anati, "Amayi, munthu amaphunzira chonchi."

Sabata yomweyo anauza agogo ake, amayi anga ondibereka, kuti swala yawo siilandiridwa chifukwa Fatiha yawo ndi yokhota. Munthu woti wakhala akuswali ine ndisanabadwe. Amayi sanamuyankhe, koma kuyambira tsikulo ankadikira kuti mdzukulu wawo atuluke kaye asanayale mkeka wawo.

Anabweranso ndi mphere. Pomudzoza mankhwala ndinamuvula malaya, ndipo kumsana ndinapeza mizere, ina yakuda yakale, ina yofiirira. Ndinachita kumukakamiza kuti alankhule. Anati mphunzitsi mmodzi amakhala ndi ana ambiri zedi, ndiye amasankha anyamata akuluakulu kuti azimvetsera ang'onoang'ono, ndipo cholakwa chilichonse chili ndi chikoti chake. Ndalama ankandibera zija ankakapatsa anyamata amenewo kuti azimudumphira zolakwa zina.

Ndinamuperekeza ndekha pobwerera, ndinakaonana ndi mkulu wa pamalopo. Anandilandira bwino, anandipatsa mpando ndi tiyi. Anati, "Kuongola mtengo mpoyamba, mayi," n'kunditchulira hadisi ija, mawu a Mtumiki Muhammad, yoti ana tiziwalamula kuswali akafika zaka zisanu ndi ziwiri, tiziwamenya akakana atafika zaka khumi. Ine Chiarabu sindichidziwa, ndipo munthu wa ndevu zake akakutchulira hadisi, pakamwa pamauma. Ndinabwerera ndekha, mwana n'kumusiya komweko. Anakhalakonso pafupifupi chaka china chathunthu. Pa zonse zimene ndinataya m'nkhaniyi, chaka chimenechi ndi chimene chimandipweteka, ndipo amene mwaona mizere kumsana kwa mwana wanu, musachoke pamalopo opanda mwanayo. Zokambirana ndi bambo ake, ndi akuluakulu, ndi wina aliyense, zikachitike mwana ali pakhomo. Likakhala bala lalikulu, ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya m'boma lanu kulipo, ndipo nambala ya 116 yothandiza ana ndi yaulere.

Amalume ndi amene ananditengera kwa a Shehe ena okalamba, mnzawo wa paubwana, holide ya pakati pa 2023. Tinapita ndi mwana yemwe. A Shehe anamukhazika pafupi nawo, anamufunsa za mpira, kenako anati awerenge Surat Al-Ma'un. Anawerenga bwino kwambiri, ndime zonse zisanu ndi ziwiri. "Mashaallah. Nanga ikunena chiyani, mdzukulu wanga?" Mwana anayang'ana pansi. Panthawiyo anali ataloweza majuzu 11, koma kasura aka, kamene kali m'kamwa mwa mwana aliyense wa madrasa, sankadziwa kuti kakukamba za ndani. A Shehe sanamuchititse manyazi. Anamupatsa ndalama kuti akagule mandasi kumsewu, ndipo atachoka anatembenukira kwa ine.

Anayamba ndi kuteteza kuloweza, zomwe sindinkayembekezera. Anati Qur'an yasungidwa m'zifuwa za anthu kuyambira nthawi ya maswahaba, Asilamu oyamba amene anakhala ndi Mtumiki, ndipo mwana woloweza ndi mphatso yoti ndisainyoze. Koma anati chimene timachitcha taalimu ndi kumufikitsa munthu podziwa chimene sankachidziwa, mpaka achimvetse, ndipo kuloweza ndi poyambira pake chabe. Maswahaba ankatenga ndime khumi, osapitirira mpaka atadziwa zomwe zili m'menemo ndi kuyamba kuzichita. Ine mawu akuti taalimu ndinkangowadziwa ngati dzina la msonkhano wathu wa amayi.

Kenako anatsegula Surat Al-Jumu'a, ndime yachiwiri, pomwe Allah akufotokoza ntchito ya Mtumiki Muhammad, mtendere ndi madalitso zikhale pa iye: kuwawerengera anthu ndime Zake, kuwayeretsa, ndi kuwaphunzitsa Buku ndi nzeru. Anaika chala pakati. "Mwaona apa, mayi? Kuyeretsa mtima kuli pakati pa kuwerenga ndi kuphunzitsa. Kumene kuli mwana wanuko akuchita choyambacho. Chapakatichi akuchita ndani?"

Apa ndi pomwe anakhalitsa, pa tarbiya, kulera. Anandifunsa ngati ndimaidziwa duwa yopempherera makolo ya mu Surat Al-Isra, ndime 24. Ndinati ndimaidziwa, ana onse amaiimba: Rabbir-hamhuma kama rabbayani saghira. Anandimasulira kuti, Mbuye wanga, achitireni chifundo awiriwa monga momwe anandilerera ndili wamng'ono. "Duwa imeneyi mwana amapempherera bambo ndi mayi. Wanuyu anachoka m'manja mwanu ali ndi zaka khumi, bambo ake amawamvera pafoni. Akamati monga anandilerera, m'mutu mwake mukubwera nkhope ya ndani? Akumulera ndi anyamata a zaka 16 aja ogwira chikoti, ndipo akumulera ndithu, onani mmene wawatengera." Anati tarbiya siichitika pa ola la phunziro. Imachitika pakudya, podzuka, pokangana ndi mlongo wake, pamene mwana wanama n'kuona zimene wamkulu achite. Mphunzitsi wabwino amathandizako, koma ngati ali ndi ana ochuluka moti mayina sawadziwa onse, kulera sangathe ngakhale atafuna.

Ndinawauza za hadisi imene anandiuza mkulu wa madrasa uja. Anati hadisiyo ilipodi, ili m'buku la mahadisi la Abu Dawud, koma ikunena za mwana wokana kuswali, amene wakhala akuphunzitsidwa mofatsa zaka zitatu, osati wophonya chilembo powerenga, ndipo maulama, akatswiri a dini, sanalolepo kumenya kosiya zipsera. Anawonjezera kuti mayi Aisha, mkazi wa Mtumiki, ananena kuti Mtumiki sanamenyepo ndi dzanja lake mkazi kapena wantchito, ndipo Anas bin Malik, amene anamutumikira zaka khumi kuyambira ali mwana, anati sanamuuzepo ngakhale liwu lakuti uff. Anatchulanso Surat Al-Imran, ndime 159, pomwe Mtumiki akuuzidwa kuti akanakhala waukali, wouma mtima, anthu akanamubalalikira. Ndinakhala kakasi. Zonsezi zinalipo nthawi yonseyi, ine n'kubwerera kuchokera ku ofesi ija manja ali m'khosi chifukwa cha hadisi imodzi.

Nkhani ya agogo inawakhudza kuposa ya chingwe. Anapukusa mutu n'kunena kuti pamenepo pasowa adabu. Kwathu kuno tikati mwana ali ndi adabu timanena wogwada popereka madzi, wolonjera alendo. Iwo anati adabu ndi kudziwa malo a chinthu chilichonse ndi a munthu aliyense: kudziwa kuti chilembo chili ndi malo ake, koma gogo woswali zaka zonsezi ali ndi malo oposa, ndipo ngati pali chowakonza, pali kanenedwe kake ndi nthawi yake. Anasimba za mayi ake a Imam Malik, katswiri wakale wa dini wa ku Madina, kuti pomutumiza mwana wawo kwa mphunzitsi wake Rabi'a, anamuveka bwino n'kumuuza kuti akaphunzire adabu ya munthuyo asanaphunzire ilimu yake, ndiye kuti zimene amadziwa. Pambuyo pake mphwanga wina amene anaphunzira za dini kukoleji anandiuza kuti nkhaniyi ndi yaikulu ngakhale kwa ophunzira kwambiri. Pamsonkhano woyamba wa dziko lonse lapansi wokambirana za maphunziro a Asilamu, ku Makka mu 1977, katswiri wa ku Malaysia, Syed Muhammad Naquib al-Attas, anaima pa mfundo yoti phata la maphunziro a Chisilamu ndi kumuika munthu adabu. Ine ndinangoti a Shehe a kumudzi anandiuza kale zomwezo, pamphasa.

Za sukulu sanachulutse mawu. Anati pali ilimu yokakamizidwa kwa Msilamu aliyense payekha, monga kudziwa twahara (kudziyeretsa), swala ndi swaumu (kusala kudya), ndipo pali ina yokakamizidwa kwa mudzi wonse, yoti pakasowa woidziwa onse ali ndi mlandu. Imam Al-Ghazali, amene anamwalira mu 1111, anaika zachipatala ndi masamu m'gulu lachiwirili. Kuloweza Qur'an yonse kulinso m'gulu lomweli. "Ndiye musamati uku ndi kwa Allah, uko ndi kwa dziko. Mzamba wochiritsa akazi athu akugwira faradhi, ntchito yolamulidwa ndi Allah."

Funso lomaliza anandifunsa mwana akutulukira ndi mandasi: kodi pomutumiza, niya yanga, cholinga cha mumtima, inali yotani. Sanadikire yankho. Anandibwereka Qur'an yomasuliridwa m'Chichewa n'kunena kuti tikawerenge Al-Ma'un yomwe ija kunyumba, awiri.

Tinawerenga usiku womwewo ndi tochi ya foni. Wokankha mwana wamasiye, wosalimbikitsa kudyetsa osauka, kenako tsoka kwa oswali amene amanyozera swala yawo, amene amachita zodzionetsera. Mwana anadabwa kuti sura ingathe kunena tsoka kwa munthu woswali, anafunsa mafunso mpaka tochi inazima. Ine mawu akuti zodzionetsera anandilasa. Hadisi yoti ntchito zimayesedwa ndi niya ndinkaidziwa kuyambira ndili mtsikana, ndi yoyamba m'buku la mahadisi la Bukhari, koma ndinkaiganizira pochita wudhu, kusamba kokonzekera swala, basi. Mphasa ya amayi a dawa ija ndi mavoisi a pa WhatsApp aja, a Shehe anali ataziona ine ndisanazitchule.

Kuwauza bambo ake inali nkhondo. Anati ndikufuna kuwachititsa manyazi kwa anzawo omwe anawauza kale kuti ali ndi hafizi, anati ndikumvera nkhalamba zosaphunzira, ndipo kwa miyezi ingapo ndalama sanatumize. Zithunzi za kumsana ndinawatumizira, anaziona, sanayankhe. Mwana anabwereranso kumadrasa teremu ina chifukwa cha kukanganaku. Chinamasula mfundo ndi amalume. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mwini mbumba akalankhula, mkamwini amamva. Anawaimbira okha foni, sindikudziwa zonse zomwe anakambirana, koma mu Disembala 2023 ndinakamutenga. Matiresi ndinaisiya komweko.

Inali nthawi yoipa kuyambiranso. Kwacha inali itangogwa ndi 44 peresenti mu Novembala, yunifomu, makope ndi nsapato zonse zitakwera. A hedi a pasukulu yathu anamuyesa, anapeza kuti Chingerezi chathawa, kugawa masamu sakukumbukira, ndipo anamuika sitandade 5, anzake oyamba nawo akukonzekera mayeso a sitandade 8. Mnyamata wa zaka 13 kukhala pakati pa tiana. Ankamuseka kuti a Shehe, ndipo masiku ena ankavala yunifomu n'kukabisala kudambo. Ndinalipira mphunzitsi wina kuti azimuthandiza Loweruka, ndalama imene ndikanaonjezera mpamba.

Chinanso chimene palibe anandichenjeza ndi kuiwala. Juzu imodzi ndi masamba pafupifupi 20, ndiye majuzu 11 ndi masamba opitirira 200 ofunika kuwabwereza mosalekeza. Mtumiki ananena kuti Qur'an imapulumuka msanga kuposa ngamira pachingwe chake. Miyezi yoyamba mwana sankafuna n'kuigwira komwe, akaiona ankatuluka thukuta, ndipo a Shehe anati ndisamukakamize. Pamene anayambiranso, majuzu angapo anali atabalalika. Ndinalira, koma a Shehe anati zobalalika zimatoleredwa, bola mwini wake azifune. Mukamachotsa mwana pa hifzi, maphunziro oloweza Qur'an, pezeranitu munthu wofatsa womumvetsera tsamba limodzi kapena awiri patsiku, ngakhale atakhala kuti sakuonjezera zatsopano.

Sindikunena kuti madrasa zogonera zonse n'zoipa. Mwana wa mnansi wanga ali ku ina kumene amaphunzira Qur'an m'mamawa ndi madzulo, masana n'kulowa m'kalasi ya boma, ndipo amabwera wonenepa, wanthabwala. Kusiyana kwake n'koti mayi ake anafunsa asanamusiye. Anafunsa kuti mphunzitsi mmodzi ali ndi ana angati, ndani amagona nawo usiku, mwana akalakwitsa amamutani, kodi matanthauzo amaphunzitsa m'chinenero chimene mwana amamva, ndipo kodi adzalemba mayeso a MANEB. Analowa kogona, anayang'ana m'zimbudzi, anacheza ndi ana awiri atatu mphunzitsi palibe. Funso loonjezera langa ndi lakuti, mwana akafuna kulankhula ndi mayi ake, foni amaipeza bwanji, ndipo polankhulapo pamakhala ndani pambali pake. Wanga nthawi zonse ankati "ndili bwino" chifukwa mwini foni anali ataima pomwepo.

Panopa amapita kusukulu m'mawa, masana kwa a mwalimu a pakhonde aja, ndipo tikatha Magharibi timawerenga ndime zochepa ndi tanthauzo lake, ine, iye, mlongo wake ndi agogo. Fatiha ya agogo anaikonza ndi iyeyo, koma anachita kuwapempha kuti iwo amumvetsere iye, n'kumatchula pang'onopang'ono mpaka anatengera okha. Mlongo wake zinamutengera nthawi yaitali kuti avomere kuwerenga mchimwene wake ali pafupi, ndipo mpaka pano akalakwitsa amayamba wayang'ana m'manja mwake. Bambo ake ndalama anayambiranso kutumiza, koma nkhani ya hifzi sanaitaye. Tinagwirizana pamaso pa amalume kuti alembe kaye mayeso a sitandade 8, ndipo akadzafuna yekha kumaliza Qur'an, tidzamupezera malo ophunzitsa zonse ziwiri, oti ine ndikhoza kufikako ndi minibasi imodzi.